Mawu Akasasa Osabwerera, Kaonetseni Kholingo

Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chembe ndi ku Monkey Bay, kutsika mpaka ku Malombe, ndi kutsidya ku Malindi ndi ku Makanjira, tili anthu odya za pakamwa pathu. Pakuti msodzi aitanizana ndi anzake usiku pokoka chilimira, mayi atsatsa usipa padoko, mphunzitsi afuula m'kalasi ya ana osawerengeka, ndipo woitanira mapemphero akweza mawu mbandakucha. Chifukwa chake munthu akasasa mawu pakati pathu palibe adabwa: ena ati ndi mphepo ya mwera, ena ati ndi utsi wowambira nsomba, ndipo kawirikawiri amanena zoona, popeza kusasa kotere kumatha pakokha m'masiku owerengeka.

Koma kulipo kusasa kwina kosamva madzi otentha kapena uchi, kumene kukadutsa masabata atatu kuyenera kuonedwa ndi a chipatala, makamaka kwa bambo amene wapitirira zaka 50, amene wakhala akupichira chingambwe chiyambire unyamata wake, natsirapo kachasu. Pakuti fodya ndi mowa zikakumana m'khosi limodzi, ngozi ya khansa ya kholingo ikula koposa muja ikulira ndi chimodzi chokha. M'kholingomo muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera kuti mawu atuluke, ndipo kachotupa kakamera pamenepo, ngakhale kakhale kochepa ngati njere ya mpunga, mawu asintha pomwepo. Ichi ndi chisomo ndithu, chifukwa nthenda yomera pamalo amenewa imadziulula isanafalikire, pamene ikali yochizika.

Zizindikiro zina nazi: kupweteka pomeza kosalekeza, khutu limodzi lowawa popanda mafinya, chotupa cholimba m'khosi chonga mwanabere koma chosaphwa, makhololo a magazi, kupuma kwa mluzu, ndi kuwonda kopanda chifukwa. Tisiyanitsenso ndi khansa ya kummero, njira ya chakudya, imene Malawi ali m'gulu la mayiko ovutika nayo koposa pa dziko lonse lapansi. Imeneyo iyamba ndi nsima kuima pachifuwa, munthu natembenukira ku phala, kufikira tsiku limene ngakhale madzi akana kutsika.

Njira yodziwira khansa ya kholingo siyobisika. Pa chipatala cha boma cha Mangochi, kapena cha St Martin's ku Malindi, adzayamba ndi kuyeza makhololo, popeza chifuwa chachikulu (TB) nachonso chimasasitsa mawu. Koma TB ikapanda kupezeka, kapena mankhwala akatha mawu ali chisasire, pemphani kalata yokutumizani ku Zomba kapena ku Gulupu, ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi. Kumeneko asuzumira kholingo ndi kagalasi, luso limene mphunzitsi wa kuimba Manuel García adaligwiritsa ntchito m'chaka cha 1854, kapena ndi kapaipi kofewa ka nyali kodzera m'mphuno. Ndipo akaona chokayikitsa atapako kanyama kukayeza, pakuti kanyamako ndiko kamene kamagamula mlandu, osati maso a munthu kapena ula wa sing'anga. Wofika msanga angachire ndi mawu ake omwe. Wochedwa nthawi zina achotsedwa kholingo lonse, napumira pa kabowo ka pakhosi masiku onse a moyo wake.

Ndidziwa kuti ulendo wa ku Blantyre ufuna ndalama, ndi kuti abambo ambiri amaona ngati chamanyazi kudandaula za mawu. Komatu akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inu amayi, inu ana, inu a mumpingo ndi a kumzikiti, ndinu amene mumamva mawu a mbale wanu tsiku ndi tsiku. Akasasa kupitirira masabata atatu, musonkhe ya ulendo, mumperekeze ku chipatala.