Tiopa mapilisi, koma cikoti sitiopa

Pa pulogilamu yathu ya pa Cisanu madzulo, pamene timatsegula mafoni kuti anthu akambe za kulela ana, mwezi watha kunatuma amai ena a m'komboni. Sanachule dzina, na ife sitinawafunse. Mwana wao wamwamuna ali na zaka 8, ndipo abweleza giledi 2. Sakhala pansi. Akamutuma ku kantemba kukagula mcele, abwela na macisi, kapena amupeza kumseu athamangitsa tayala, ndalama ali nayo m'manja. Temu imodzi anataya mabuku atatu. Aticha anamuika kumbuyo kweni-kweni kuti asasokoneze anzake.

"Namumenya mpaka dzanja langa ndilo lawawa," anatelo amai aja. "Ku mapemphelo napita naye kawili. Manje mnzanga wina akuti kuli mapilisi a ana otele. Koma ine niopa, mwananga angazolowele mankhwala monga aja amacita anyamata a ku Chibolya."

Mafoni analila maningi usiku umenewo. Ambili anati m'mela mpoyamba, onjezani cikoti. Ena anachula vesi ija ya ndodo. Ena anati ni ziwanda za kucimuna. Mnyamata wina anaseka, ati ADHD ni matenda a azungu, kuno mwana akadya mbama ziwili acila. Palibe anati mupite naye kucipatala. Na ife amene tinali pa maikolofoni sitinakambe, cifukwa sitinali kudziwa. Tinangoika nyimbo. Cinatinyansa, ndiye tinakhala pansi kuwelenga na kufunsa anthu a zaumoyo.

Mantha a amai aja tiwamvetsa. Koma onani cimene tonse tinaciphonya. Mwana uja ali kale pa "mankhwala". Awalandila tsiku lililonse, kunyumba na kusukulu, kwa zaka zitatu kapena zinai. Sanasinthe. Akanakhala mapilisi, sembe tinawataya kale na kutukwana amene anawalemba. Koma popeza ni cikoti, tikuti dozi yacepa. Palibe afunsa kuti cimuononga bwanji mwana kumva tsiku na tsiku kuti ni cipuba, ni wosamva, ni woipa. Ndipo lamulo lili poyela: Education Act ya 2011 inaletsa kumenya ana m'masukulu, Children's Code Act ya 2022 inaletsa kulanga mwana mwa kumumenya.

ADHD ilibe dzina m'Cinyanja, n'cifukwa cake timaipatsa maina a citonzo. Ni vuto la mmene ubongo ukulila. Mbali imene imagwila maganizo pa cinthu cimodzi, na kuuza thupi kuti "yembekeza", imagwila nchito mofooka. Mwana amadziwa lamulo, angakuuzeni na pakamwa, koma pa nthawi yocita, dzanja lafika kale. Si zatsopano. Dokotala wa ana George Still anafotokoza ana otele ku London mu 1902. Kafukufuku wa m'maiko osiyana-siyana aonetsa kuti ana pafupi-fupi 5 pa 100 alionse ali nalo. Kucokela pamene sukulu inakhala yaulele mu January 2022, kilasi ya ana 80 si yacilendo. Welengani mweka: ni ana anai m'kilasi imodzi. Kunja nambala zioneka zazikulu cifukwa kuli anthu owapima na kuwawelenga. Kuno sitiwawelenga, timangowaona akasiya sukulu mu giledi 6 na kuyamba kuitanila mabasi.

Atsikana ndiye amasowa kwambili. Ambili sathamanga-thamanga. Amakhala cete, maso pa windo, aticha akamba iye ali kutali. Palibe amene amusokoneza, conco palibe adandaula. Amangomulemba kuti ni wogona mutu. Vutoli limayendanso m'banja kwambili. Kawili-kawili atate amene agwila lamba nawonso anali mwana uja amene sanali kukhala pansi.

Manje tisathamange. Si mwana aliyense wamphulupulu ali na ADHD, ndipo apa m'pamene ife a kuno tifunika kusamala kupambana a ku America. Madokotala amafuna kuti zizindikilo zikhale zinayamba mwana asanafike zaka 12, zakhalapo miyezi 6 kapena kupitilila, zioneka m'malo awili kapena kuposa, monga kunyumba na kusukulu, ndipo zimuonongeladi maphunzilo kapena ubwenzi. Mwana amene avuta kwa aticha amodzi cabe, mwina vuto ni kilasi. Ndipo pali zinthu zambili zimene zimavala nkhope ya ADHD. Mwana amene wapita kusukulu na njala sangamvetsele. Wa khutu lotuluka mafina samva zimene mwamutuma. Wosaona bwino pa bolodi amayamba kusewela. Kuli khunyu ina yosagwetsa, mwana amangoti duu masekondi ocepa, kambili pa tsiku, anthu n'kumati ni kusamvela. Ofufuza pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti ena mwa ana opulumuka maleliya a mu ubongo amatsala na khunyu kapena khalidwe lovuta kuligwila. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi la makomboni monga Chowa na Kasanda, ndipo mtovu m'magazi a mwana umaononga nzelu na kumvetsela. Wina ni ndeu za usiku za makolo, wina ni zimene amucita wacibale zimene sangathe kukamba. Onsewa Ritalin si yankho lao. Cikoti naconso si yankho lao. Afunika munthu wowapima.

Tsono mapilisi amene amai aja anamva. Odziwika kwambili ni methylphenidate, amene ambili amawadziwa na dzina la Ritalin. Codabwitsa n'cakuti si ogonetsa. Ali m'gulu la mankhwala odzutsa ubongo. Dokotala Charles Bradley ku Rhode Island ndiye anaona mu 1937 kuti mankhwala a mtundu umenewu, m'malo mowapengetsa ana ovuta, anawakhazika mtima pansi ndipo anayamba kucita bwino m'kilasi. Amacititsa kuti dopamine na noradrenaline, timadzi tonyamula uthenga mu ubongo, tikhalitse pamalo pake, ndiye mabuleki aja ofooka amayamba kugwila. Pilisi wamba amayamba kusewenza pasanathe ola limodzi, ndipo amatha mphamvu pakapita maola atatu kapena anai. Alipo ena otulutsa mphamvu pang'ono-pang'ono amene amafika madzulo. Ana pafupi-fupi 7 pa 10 amene alidi na ADHD amaonetsa kusintha. Koma sacilitsa. Pilisi akatha mphamvu, ubongo uli mmene unalili. Ndipo saphunzitsa kuwelenga. Amangopatsa mwana mpata wokhala pansi kuti wina amuphunzitse.

Zoipa zake ziliko, ndipo amene akuuzani kuti kulibe akunamizani. Amacepetsa cilakolako ca cakudya, amacedwetsa tulo, amakwezako kugunda kwa mtima na BP, ndipo ana ena amakula mocedwelako. Ca cakudya ici kuno n'cacikulu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 osafika zaka zisanu ni opinimbila. Mwana amene thupi lake lili kale kumbuyo, kumupatsa cinthu comulanda njala popanda womuika pa sikelo mwezi na mwezi ni kusewela na moyo. Afunika kupimidwa kulemela, msinkhu, mtima, ndipo ngati m'banja muli matenda a mtima, dokotala auzidwe asanalembe ciliconse.

Nanga kuzolowela? Apa amai aja tingawatonthoze pang'ono. Kafukufuku wotsatila ana kwa zaka zambili sanaonetse kuti mwana amene amwa mankhwalawa monga mwa malangizo a dokotala ndiye amadzakhala wa camba na mowa. Cimene cidziwika bwino n'cakuti ADHD yokha imamuika mwana pangozi ya zinthu zimenezo, pamodzi na ngozi za pamseu na kusiya sukulu. Koma n'zoona kuti mankhwalawa angagwilitsidwe nchito molakwika, n'cifukwa cake ali pa mndandanda wa mankhwala olondedwa pansi pa pangano la United Nations la 1971, ndipo sagulitsidwa monga Panadol. Inu a ku koleji amene mumamva kuti kuli pilisi wothandiza kuwelenga usiku wonse pa mayeso, dziwani kuti kukhala nao popanda pepala la dokotala ni nkhani ya DEC, ndipo kumwa a mnzanu osadziwa mtima wanu ulili ni kuyesa manda.

Akatswili nawonso sanamvane zonse. Kafukufuku wamkulu wa MTA, wa ana 579 ku America na Canada, anaonetsa mu 1999 kuti pa miyezi 14, mankhwala oyang'anilidwa bwino anacepetsa zizindikilo kupambana maphunzilo a khalidwe paokha. Koma atawatsatila ana aja zaka zingapo, kusiyana kuja kunazimilila. World Health Organization inakana mu 2019, inakananso mu 2021, kuika methylphenidate pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambili, ponena kuti umboni wa phindu lake kwa nthawi yaitali sunali wokwanila. Bungwe lomwelo, m'malangizo ake a mhGAP olembela maiko monga athu, likuti yambani na kuphunzitsa makolo na kukambilana na sukulu. Zikakanika, mwana ali na zaka 6 kapena kuposa, apite kwa katswili amene angaganizile za mankhwala. Ife tiima pamenepo. Pilisi asakhale woyamba. Koma asakhalenso cinthu cimene mwana wa m'komboni sangacione olo atacifunika bwanji.

Cifukwa ndiye mmene zilili. Madokotala a za maganizo m'dziko muno ni ocepa, ndipo ambili ali mu Lusaka, ku Chainama na ku UTH. Banja la ku Petauke kapena ku Lundazi liyambe lapeza ya basi. Amene ali na ndalama amapita ku pulaiveti, mwana apimidwa, mankhwala apezeka, sukulu yake ili na ana 20 m'kilasi. Amene alibe atsala na cikoti na mafuta odzozedwa. Ndipo ngakhale amene akhala pafupi, dzina lakuti Chainama tinalisandutsa nthabwala, ise tomwe, m'mabasi na pa WhatsApp. Mai uti angafune kuti aneba amve kuti mwana wake wa zaka 8 anapita kumeneko? Mental Health Act ya 2019 inacotsa lamulo la atsamunda limene linali kuchula odwala na maina onyoza, koma pakamwa pathu maina aja akalimo.

Zimene tipempha si zakumwamba. Dziko lino limaphunzitsa kale ma clinical officer na manasi a za maganizo. Kiliniki iliyonse yaikulu ya m'komboni ikhale na mmodzi wodziwa kupima mwana wotele, kuyang'ana makutu, maso na magazi, na kulemba kalata yomutumiza patsogolo. ZAMISE imaphunzitsa aticha a ana ofunika thandizo lapadela. Cidziwitso cimeneco cifike kwa mphunzitsi wamba wa giledi 2, amene ali yekha na ana 80 ndipo nayenso walema.

Zina sizifuna olo ngwee. Mwana wotele akhale kutsogolo, pafupi na aticha, kutali na windo. Kumuika kumbuyo ni kumucotsa sukulu akali m'kilasi. Popeza thupi lake lifuna kuyenda, ndiye azifufuta bolodi na kugawa mabuku. Kunyumba mutumeni cinthu cimodzi, mukumuyang'ana m'maso, abweleze cimene mwakamba, akabwela ndiye mumutume cina. Homuweki ikhale ya mphindi khumi, apume, abwelelenso. Akacita bwino muuzeni pamenepo, osati mawa, cifukwa kwa iye mawa kuli kutali monga Nakonde. Nthawi yodya na yogona ikhale imodzi-modzi. Mpila usamulandidwe monga cilango, pakuti mwina ndiye malo okha amene amamva anthu akumuchula dzina mokondwa. Zioneka zazing'ono, koma zimenezi n'zimene maphunzilo a makolo aja amaphunzitsa, ndipo zimafuna kuleza mtima kumene cikoti sicifuna.

Tikulembela inu acinyamata cifukwa m'nyumba zambili ndimwe muli na foni na bando. Ndimwe amene amai amakuuzani kuti "m'menyeko uyu, ine nalema". Ena ndimwe makolo kale, ena muli pa teaching practice. Pa TikTok mwaona mavidiyo a masekondi 30 amene akuuzani kuti ngati mumaiwala makiyi muli na ADHD. Aja asiyeni, aliyense amaiwala makiyi. Koma ngati pali kamng'ono kanu kamene kakumbutsani mwana wa amai aja, mupelekezeni ku kiliniki. Nyamulani khadi yake ya under-five, mabuku ake a kusukulu, na kakalata kocokela kwa aticha konena zimene amaona. Kumbukilani ngati anadwalapo maleliya aakulu, ngati anagwapo khunyu, ngati munakhalapo ku Kabwe. Akakuuzani kuti ni kupusa cabe, pemphani mwaulemu kalata yopita ku cipatala cacikulu.

Amai aja sanatumenso, ndipo nambala yao sitinasunge. Takhala tikuwaitana pa mphepo Cisanu ciliconse. Ngati mukhala nao pafupi, mwana wa zaka 8 wa giledi 2 amene amakhala kumbuyo kwa kilasi, auzeni kuti pa pulogilamu ya sabata ino tidzakhala na a clinical officer mu situdiyo, ndipo foni yoyamba tawasungila.