Mikanda ndi zitumbuwa za pamudzi zigulidwe pa mtengo wake

Mwezi wa Disembala ukangolowa, midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Meluluca, kudzera pa Metangula ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, imachezera ng'oma. Abambo amakhala akukonzekera n'ganda, amayi akukonzekera chiwoda, ndipo aliyense amawerengera masiku otsala kuti pafike pa 25, tsiku limene boma limalitcha Dia da Família pamene a mpingo amati Khirisimasi. Masiku omwewo magalimoto a shapa ochokera ku Lichinga amatsika phiri atadzaza makatoni a bolasha, maswiti, zakumwa za m'mabotolo ndi timikanda ta pulasitiki tonyezimira. Katundu wina amalowa pa boti kuchokera ku Likoma, wina amachokera ku Tanzania. Pofika pa 2 Januwale, ndalama ya usipa imene banja lidasunga movutikira imakhala itakwera phiri lomwelo kutsatira kumene kudachokera makatoni aja.

Tsamba lino silikudana ndi eni masitolo ndi mabaraka, poti nawonso ali ndi ana oti awadyetse, ndipo mwana wolawa bolasha kamodzi pa chaka sanalakwire munthu. Chodandaulitsa ndi khalidwe lina limene lazika mizu m'midzi ya boma la Lago. Munthu yemwe pa sitolo amapereka ndalama yonse ali duu, akafika pa lichero la zitumbuwa la mlamu wake amasanduka wina. Ayamba ndi kunenerera mtengo, kenaka apempha basela, pomaliza atenga zisanu n'kunena kuti, "Alamu, ndidzakupatsani usipa ukagwa." Usipa ugwadi, koma ndalama ija sioneka. Mayi wotunga mikanda naye amakumana ndi zomwezo: mkanda umene wautunga masiku awiri amamuuza kuti autsitse mtengo chifukwa "ndi wongopanga pakhomo", ngati kuti kupangidwa pakhomo ndi chilema.

Amene amanenerera chotere mwina sadakhalepo pansi kuona ntchito imene imalowa m'zinthu zimenezi. Thobwa la pa chikondwerero limayamba sabata yathunthu tsikulo lisanafike. Chimanga kapena mawere amaviikidwa m'madzi, amafunditsidwa mpaka atamera, amayanikidwa, ndiye amasinjidwa kuti chikhale chimera. Akatero mayi aphika phala, alidikira kuti lipoleko mpaka chala chitha kupirira, athiramo chimera chija, nalisiya usiku wonse. Chimeracho ndicho chimasungunula phala ndi kulitsekemeretsa, n'chifukwa chake thobwa lophika bwino silifuna shuga wambiri. M'mawa aliwiritsanso, ndipo nkhuni zonsezo wazisenza yekha kuchokera kuphiri, mvula ili pamsana.

Zitumbuwa zimaoneka zapafupi: nthochi zakupsa kwambiri zosinja mumtondo, ufa wa mgaiwa, mchere ndi kasoda pang'ono. Komatu banja la kunyanja limene nsima yake ndi kondowole, ufa wa chimanga nthawi zambiri limachita kugula kapena kusinthanitsa ndi nsomba, ndipo Disembala ndi mwezi umene chimanga chimayamba kusowa ndi kukwera mtengo. Mafuta okazingira ndi a kusitolo, sakongoletsa. Chigumu chimafuna makala pansi pa mphika ndi ena pa chivindikiro, ndiponso munthu woima pomwepo kuti chisapserere. Mandasi amafuna ufa wa tirigu, yisiti ndi shuga, zonsezo zogula. Mabanja a Chisilamu akamakonzekera Idi amaona zomwezo ndi mkate wawo wa mpunga. Tsono munthu akatenga zitumbuwa zisanu pa ngongole yosabweza, wadya mafuta a mawa a mayi uja, ndipo mayiyo akagwa mpamba, anthu omwewo ndiwo amayamba kunena kuti amayi sadziwa malonda.

Za mikanda zili ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino kuinena moona. Mikanda ya galasi siidayambe yapangidwapo m'mbali mwa nyanja ino. Yambiri inkapangidwa ku Ulaya, ku Venice ndi ku Bohemia, n'kufika pa madoko a Kilwa, Zanzibar ndi Ilha de Moçambique, ndipo kuchokera kumeneko amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili ankabwera nayo pamutu pamodzi ndi nsalu. M'zaka za m'ma 1800 inkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu, ndipo, chomvetsa chisoni, ngakhale ndi anthu. Choncho wonena kuti mkanda wa kale udali wa konkuno pamene wa lero ndi wachilendo akulakwitsa. Cha konkuno chidali luso: kusankha mitundu, kudziwa kuti wofiira utsatane ndi uti, kumanga mfundo yosamasuka, kudziwa mkanda woyenera khanda, woyenera namwali ndi woyenera mayi wa pabanja. Za mikanda ya m'chiuno nyuzi siingalowemo, zimenezo eni ake ndi anamkungwi. Chokhacho chimene chinganenedwe pagulu n'chakuti mkanda wotere sugulidwa m'katoni. Amatungira munthu wodziwika, pa muyeso wake, ndipo wotungayo amadziwa chimene akuchita.

Luso limeneli ndi limene likupepuka. Nkhondo ya zaka 16 idamwaza anthu a m'mbali mwa nyanja, ena ku Likoma ndi Chizumulu, ena kutsidya ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, ena ku Tanzania. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anthu adabwerera kudzamanga nyumba, masukulu ndi matchalitchi, ndipo zimenezo zidaoneka ndi maso. Koma luso la manja likatha palibe amalira maliro ake. Mtsikana akaona kuti agogo ake apindika msana masiku awiri n'kulandira ndalama yosakwana sopo, sangakhale pa mphasa kuti aphunzire. Sakulakwa mtsikanayo, wangowerengera bwino kuposa akuluakulu.

Pali umboni pafupi pomwepa wakuti ntchito ya manja itha kudyetsa banja. Pa chilumba cha Likoma, chimene munthu woima pa gombe la Cóbuè amachiona bwinobwino, mu 2006 padatsegulidwa malo a zaluso otchedwa Katundu. Amayi a pachilumbapo adayamba kusokerera mikanda pa nsalu ndi kupanga nyali zolendewera pogwiritsa ntchito magalasi a mabotolo osweka osalazidwa bwino, ndipo katunduyo adafika mpaka m'mahotela a maiko ena. Amayi amenewo ndi a chilankhulo chimodzi ndi a ku Lago, ambiri ndi apachibale, manja awo ndi ofanana. Chosiyana n'chakuti kumeneko ntchito idaikidwa mtengo, idayang'aniridwa kuti ikhale yolimba, ndipo idapezeredwa wogula. Si mudzi uliwonse umene ungapeze msika wa kunja, zimenezo n'zoona, ndipo alendo odutsa pa Cóbuè ndi pa Metangula si ochuluka moti n'kudalira iwo okha. N'chifukwa chake wogula woyamba ayenera kukhala mnansi.

Kungotchulako pang'ono: golide amakumbidwa m'boma lomwe lino, ku Lupilichi, koma amatuluka ali fumbi m'timabotolo, ndipo mphete imene mnyamata wa ku Lago amaveka mkwatibwi wake imakhala ya chitsulo chopaka utoto, yochokera kutali. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Amisiri nawo ali ndi mbali yawo. Ambiri sawerengera. Mayi akagulitsa lichero lonse n'kuona ndalama m'kansalu amati wapindula, osachotsera ufa, mafuta, shuga, nkhuni, msonkho wa pamsika ndi tsiku lonse limene sanapite kumunda pa nthawi yopalira. Kuwerengera sikufuna sukulu yapamwamba. Chofunika ndi kope la mwana ndi pensulo: mbali ina zonse zimene zagulidwa, mbali ina zimene zalowa, ndipo tsiku la ntchito liwerengedwe pa mtengo umene mayiyo akadalandira pa ganyu. Zikapezeka kuti zitumbuwa sizikufika pamenepo, mtengo ukwere kapena kukula kwa chitumbuwa kuchepe, ndipo onse ogulitsa pa malo amodzi agwirizane. Mmodzi akakweza yekha anzake ali pa mtengo wakale, adzabwerera ndi lichero lodzaza. Mutu umodzi susenza denga.

Ogulitsa kutsidya achenjerenso ndi ndalama ziwirizi. Kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adapitiriza kutchula mtengo wakale wa kwacha pa Likoma, pobwerera kudzasintha kuti apeze metikali adapeza kuti agwirira ntchito mphepo. Mtengo uziyamba kuwerengedwa m'ndalama imene munthu amagulira mafuta ndi mikanda, kenaka ndiye usinthidwe, ndipo afunse kasinthidwe ka tsiku limenelo asanatsike m'boti.

Magulu a shitiki, amene kutsidya amati chipereganyu, ali kale m'midzi yambiri, ndipo angathandize pa chinthu chimodzi chooneka. Mafuta ogula pa kabotolo amadula kuposa a chigubu, mikanda yogula pa kasupuni imadula kuposa ya paketi. Amayi khumi akasonkha mu Novembala n'kutuma mmodzi ku Lichinga, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100 kuchokera pa Metangula, amalipira shapa kamodzi m'malo mwa kakhumi. Wotumidwayo abwere ndi malisiti, chifukwa magulu ambiri amatha chifukwa cha kukayikirana osati chifukwa cha umphawi.

Wofuna mtengo wabwino aperekenso katundu wabwino, ndipo pa zakudya nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Anthu a ku Lago sanaiwale kuti mliri wa kolera umene udafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique udayamba kuoneka m'boma lomwe lino mu Seputembala 2022. Chikondwerero chimafika mvula itayamba, pamene madzi othamanga amakokolola zonyansa kupita kunyanja ndi m'zitsime zosasamalika. Thobwa lowiritsa bwino lilibe vuto, koma vuto limalowa pamene wina alisungunula ndi madzi osaphitsa kuti lichuluke, kapena pamene kapu imodzi ikuzungulira anthu makumi awiri n'kumangoviikidwa m'beseni la madzi omwewo. Madzi otsukira makapu akhale ophitsa kapena othira Certeza, ndipo azisinthidwa. Lichero livindikiridwe, wogula aloze ndi chala osati kugwiragwira, ndipo wogulitsa atole ndi foloko kapena kapepala koyera. Mafuta akada ndi kuyamba kuchita thovu atayidwe. Fungo la mafuta otopa ndilo limathamangitsira anthu ku bolasha.

Otunga mikanda asamaumire ulusi. Mkanda woduka pakati pa bwalo la chiwoda, mwini wake n'kumatola timikanda mumchenga anthu akuseka, umaononga mbiri ya otunga onse a m'mudzimo. Twaini wa asodzi ndi wolimba ndipo amapezeka pa gombe lililonse. Zipangizo zina n'zosagula: tizigoba ta nkhono za m'nyanja, njere zouma, mlaza, nyanga ya ng'ombe, tizidutswa ta phingo totsala kwa osema. Pa njere pali chenjezo. Tinjere tija tofiira ta kadontho kakuda timakongola, koma tili ndi poizoni woopsa tikatafunidwa, choncho tisapezeke pa mkanda wa mwana, ndipo wotiboola asamale zala zake. Makoza a minyanga ya njovu, amene kale adali ulemu wa mafumu, asakhudzidwe n'komwe. Malonda a minyanga pakati pa maiko adaletsedwa mu 1989, malamulo a Mozambique amapereka chilango cha ndende, ndipo njovu za m'nkhalango ya Niassa zidatsika kuchoka pa pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika pa zosakwana 4,000 mu 2016. Wobwera pa gombe kudzafunsa khoza lotere auzidwe kuti kulibe.

Kwa mafumu, alembi a m'midzi ndi akulu a mipingo, pempho ndi laling'ono ndipo silifuna ndalama ya boma. Pa masiku a magule, pamene midzi imayenderana ndipo anthu amasonkhana mazanamazana, malo a pamthunzi pafupi ndi bwalo apatsidwe kwa amayi a malichero ndi a mikanda, m'malo moti azikankhidwira kudzuwa kumbuyo kwa ogulitsa mowa. Magulu a n'ganda ndi chiwoda amene amasonkha ndalama za zovala ndi zakudya za alendo aitanitse thobwa, zigumu ndi mikanda ya ovina kwa amisiri a m'mudzi mwawo, ndipo apereke theka la ndalama pasadakhale kuti mayi asakongole mafuta. Akuluakulu a misika aganizirenso ngati n'chilungamo kuti mayi wa lichero limodzi alipire msonkho wofanana ndi wa munthu wa tebulo lodzaza katundu.

Pomaliza pali ngongole zija. M'mudzi uliwonse muli amayi amene akusunga m'mutu maina a anthu amene adadya zitumbuwa za chaka chatha n'kumawadutsa pa njira ngati palibe kanthu. Amayiwo sangapite kwa mfumu chifukwa cha ndalama yochepa chotero, ndiponso wangongoleyo ndi mlamu, ndi mwana wa achimwene, mwina ndi mkulu wa mpingo. Kungakhale bwino kuti Lamlungu lomaliza lisanafike tsiku la 25, pa zolengeza za m'tchalitchi, ndiponso Lachisanu ku mzikiti, akulu anene poyera, osatchula dzina la munthu, kuti onse amene ali ndi ngongole ya lichero kapena ya mkanda akabweze sabata yomweyo, amayi asanapite kukagula mafuta.