Padi Si Chidole cha Ana

Akonzi,

Mlembi wanu wina akuti katswiri weniweni wa masewera a Street Fighter amagwira joystick ya arcade, padi ndi ya ana. Ayi, pamenepo alakwitsa.

Inde, Street Fighter II inatuluka m'ma arcade mu 1991 ndi joystick komanso mabatani 6, ndipo akale manja awo anakhwimira pamenepo. Chimenecho ndi chizolowezi chabe. Mu 2014, Luffy wa ku France anapambana mpikisano wa EVO ku Las Vegas atagwira padi ya PlayStation yoyamba. MenaRD wa ku Dominican Republic anatenganso Capcom Cup mu 2017 ndi padi.

Joystick yabwino ndi yodula, kunyamula kwake n'kovutanso. Nanga achinyamata amene ali ndi padi yokha mukuwagwetseranji mphwayi?

Wowerenga wanu