Asodzi a ku Nkhotakota ayenera kumuona Yusufu

Munthu akayenda madzulo pa boma la Nkhotakota kapena pa Dwangwa, phokoso lomwe limamulonjera ndi la nyumba zoonetsera kanema. M'katimo ana adzadza, maso ali pa Rambo, Jackie Chan kapena mafilimu a ku Nigeria. Atafunsidwa za Sylvester Stallone, ambiri angafotokoze mpaka mfuti imene adanyamula. Koma za malemu Hope Chisanu, ndi angati angayankhe?

Chisanu, yemwe adamwalira m'chaka cha 2020, adali muulutsi wodziwika pa wailesi ya MBC komanso katswiri wa zisudzo. Mwa mbali zonse zimene adatenga pa kanema, imene siiwalika ndi ya Yusufu mufilimu ya The Last Fishing Boat, yomwe Shemu Joyah adatulutsa mu 2012.

Yusufu ndi msodzi amene kale adali mpondamatiki pagombe lake. Tsopano nsomba zatha m'nyanja, ulemu wake nawo ukutha. Mwana wake Mustafa wasiya khoka n'kuyamba kuperekeza alendo odzaona nyanja. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, mbali yomwe adatenga Flora Suya, mzungu wina wamuponyera diso. Luso la Chisanu lidali pakuonetsa bambo wouma mutu amene woonera angakwiye naye, komanso n'kumumvera chisoni nthawi yomweyo. Adaonetsa poyera mantha a mwamuna amene akuona kuti zonse zomwe zidamupanga kukhala bambo zikumupulumuka m'manja.

Nkhani imeneyi si yachilendo ku Nkhotakota. Aliyense wogula ndiwo pa Chia akudziwa kuti chambo chidasanduka ndiwo ya opeza bwino. Alovi amachezera usiku wonse panyanja, kulimbana ndi mwera, n'kubwerako ndi usipa wosakwanira ndi mtengo wa mafuta a injini. Ena afika pokokera nsomba masikito oteteza ku udzudzu, kupha ndi tiana ta nsomba tomwe. M'mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja muli Yusufu wakewake, muli Mustafa wakewake. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kunja filimuyi idalandiridwa bwino. Mu 2013 idapata mphoto ya nyimbo zabwino za mufilimu pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards ku Nigeria. Izi sizidangochitika mwamwayi, chifukwa mu 2010 Tapiwa Gwaza adali atapambana kale pa mpikisano womwewo ndi filimu ina ya Joyah, Seasons of a Life. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu a m'maiko akutali adamuombera m'manja Yusufu pomwe eni nkhani, asodzi enieniwo, ambiri sadamuonepo.

Vuto silili pa Chisanu yekha. John Nyanga, Izeki uja, adamwalira mu 2016, ndipo mnzake Eric Mabedi, Jakobo, adatsatira mu 2021. Mbali yaikulu ya ntchito za akatswiri a nthawi yawo idajambulidwa pa matepi ndi madisiki amene amaonongeka ndi fumbi ndi chinyezi. Disiki ikakalika, luso la munthu limapita nayo kumanda kachiwiri.

Mpofunika zinthu zitatu. Choyamba, unduna woona za chikhalidwe pamodzi ndi nkhokwe ya National Archives ku Zomba asonkhanitse mafilimu ndi zisudzo zoterezi n'kuzisunga mwamakono. Chachiwiri, eni mafilimu, bungwe la COSOMA ndi eni nyumba za kanema agwirizane mtengo woti aliyense apindule, kuti filimu za Amalawi zizioneka m'matauni aang'ono popanda kuba luso la munthu. Chachitatu, nthambi ya za usodzi ndi makomiti a m'magombe aganize zoonetsa The Last Fishing Boat nyengo yotseka nyanja, pomwe asodzi amakhala ndi mpata. Uthenga umene msonkhano wa tsiku lonse umalephera kufikitsa, filimu imodzi ingaufikitse usiku umodzi.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Kobiri lomwe mwana amapatsidwa lokaonera Rambo likhozanso kumuonetsa nkhope yofanana ndi ya agogo ake. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Chisanu adaigwira ntchito yake n'kuimaliza. Yotsala ndi ya amoyo.