Anamwino a pa University Avenue akuchokeranji?

Munthu amene wayenda mu msewu wa University Avenue, pakatikati pa mzinda wa Toronto, naona mmene zipatala zazikulu za Toronto General, Mount Sinai, Princess Margaret ndi cha ana cha SickKids zidandandalikirana, angayese kuti namwino wotumikira m'nyumba zotere alibe chomusowetsa tulo; koma m'zaka zapitazi anamwino ambiri a m'chigawo cha Ontario, ena a iwo amvulazakale pa ntchito, akhala akutula pansi udindo wawo, ndipo sindikhulupirira kuti chifundo chidawathera mumtima.

M'chaka cha 2019 boma la Ontario, lotsogozedwa ndi a Doug Ford, lidaika lamulo lotchedwa Bill 124, loletsa kukweza malipiro a antchito a boma kupitirira 1 peresenti pa chaka kwa zaka zitatu; ndipo lamulolo lisanakalambe, mliri wa Covid-19 udagwa, kotero kuti anthu omwewo amene ankatamandidwa pa wailesi monga ngwazi ankaona mitengo ya zinthu ikukwera, malipiro ali chiimire. Achikulire mwa iwo adali asanaiwale chaka cha 2003, pamene nthenda ya SARS idapha anthu 44 m'dera la Toronto, awiri mwa iwo anamwino. Bungwe lawo, Ontario Nurses' Association, pamodzi ndi mabungwe ena, lidakamang'ala kubwalo lamilandu, lomwe mu 2022 lidagamula kuti lamulolo n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Boma lidachita apilo, koma lidagonjanso mu February 2024, ndipo pamenepo ndi pamene lidalifafaniza. Ndalama zidabwezedwa ndithu, koma namwino amene adali atachoka kale sadabwerere ndi chigamulocho.

Komabe ndalama si mlandu wonse. Chimene chimathyola namwino msana ndicho kulowa pa ntchito ya maola 12 napeza kuti odwala a anthu awiri agwera iye yekha, kusowa mpata ngakhale wakumwa madzi, ndi kubwerera kunyumba mtima ukumutsutsa kuti nkhalamba ija idaitana osayankhidwa. Mutu umodzi susenza denga: mmodzi akachoka, katundu wake amagwera otsala, otsalawo natopa nachokanso, ndipo chipatala chikasowa pogwira chimabwereka anamwino a ganyu kumakampani pa mtengo wokwera, wokhazikika uja naona mnzake wa tsiku limodzi akulandira zoposa iye, amene wapirira mu wodi yomweyo zaka zambiri. Kodi angamudzudzule ndani akatsatira komweko?

Ife Amalawi nkhaniyi timaidziwa ndi misozi, pakuti kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu adakhamukira ku Britain, kufikira boma ndi abwenzi ake adawonjezera malipiro awo ndi 52 peresenti mu 2005. Chifukwa chake ndimada nkhawa ndikamva kuti Ontario ikufulumizitsa kulembetsa anamwino ophunzira kunja, pakuti kutero n'kutungira madzi mu mtsuko wobooka, madziwo ochokera pa chitsime cha osauka. Chigawo cha British Columbia chidalengeza mu 2023 kuti chiika malire a odwala amene namwino mmodzi angasamale. Aphungu a Ontario a ku Queen's Park, amene nyumba yawo ya malamulo yaima kumutu kwa msewu wa University Avenue womwewo, aikenso malire otere m'lamulo, asanatumize kukatenga ana a eni.