Galu mwabwera naye, nanga munda wake mwausiya kuti?

Pali katundu wina amene timatsika naye pa Intercity pochokera kumudzi, wosiyana ndi thumba la nshawa kapena la ufa. Ali m'katoni yoboolaboola, ndipo njira yonse ya Great East Road wakhala akulira pansi pa mpando. Ndi kagalu. Amalume a ku Chadiza apereka ndi mtima woyera: "Tengani aka, mai wake ni mlenje, kazakulonderani nyumba ku tauni." Ife tilandira ndi manja awiri, tikwera nako pa fulati ya m'mwamba ku Kabwata kapena ku Northmead, titseka chitseko. Ikangopita miyezi inayi sofa yang'ambika, nsapato za kuchalichi zatafunidwa, aneba a pansi apita kale kawiri kwa ba landilodi. Ndiye mumva munthu akudandaula mu minibasi: "Aka kagalu ni kopusa maningi, sikamvera."

Ine ndikuti kagaluko kalibe mlandu. Mlandu uli ndi ife amene tinatenga galu koma nchito yake tinaisiya kumudzi.

Taganizani tsiku la galu kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala. Tambala akalira, iye ali kale kumbuyo kwa mwini wake kupita kumunda. Ngolo ikanyamuka kukatenga chimanga, ali pambali pa ng'ombe. Masana ali ndi anyamata kubusa, madzulo ali kudimba. Nyengo yokolola ikatha, ana akamakumba mbewa, mphuno yake ndiyo ili patsogolo. Kumeneko palibe amene amanena kuti ndikamuyendetseko galu, chifukwa moyo wa pamudzi umamuyendetsa wokha. Dzuwa likalowa agona pafupi ndi phulusa ali fooo, alibe ngakhale mphamvu youwa mwezi.

Manje onani tsiku la galu yemweyo muno mu Lusaka. Inu mwadzuka 05 koloko, mwathamangira basi, mwaima pa mzere wa magalimoto, mwagwira nchito, madzulo mwalimbirana mpando pa Kulima Tower kapena pa City Market, mwafika kunyumba 19 koloko muli wotheratu. Maola 13 kapena 14 galu ali yekha pakati pa zipupa zinayi, akumva fungo la dziko likulowa pansi pa chitseko. Mphamvu imene ikanathera pothamangitsa kalulu ipita kuti? Ipita pa sofa. Ndiponso kagalu kamasintha mano pakati pa miyezi 3 ndi 7, m'kamwa mumayabwa, kutafuna n'kofunika kwa iko monga mmene khanda limalumira chala. Kuyambira miyezi 6 kufika cha ku zaka ziwiri ndiye unyamata weniweni, nthawi imene galu sakhala pansi.

Ena adzati vuto ndi galu wakumudzi, mugule wachizungu. Ayi, abale. German Shepherd anamuwetera kubusa nkhosa ku Germany. Jack Russell, ngakhale ndi wamng'ono ngati mphaka, anamuwetera kusaka nkhandwe ku England. Boerboel ndi mlonda wa mafamu a ku South Africa. Onsewa ndi agalu a nchito. Kugula wodula sikuchotsa mphamvu m'miyendo yake, kumangowonjezera ndalama zimene mudzalire nazo.

Ndiye kodi galu sangakhale pa fulati? Angakhale. Chimene chimasowa si kukula kwa nyumba, koma nthawi ya mwini wake. Galu wa pa fulati amene amatuluka kawiri pa tsiku ali bwino kuposa wa m'yadi yaikulu amene wakhala pa unyolo chaka chathunthu. Mukamutenga, dziwani kuti munda wake, dimba lake ndi ng'ombe zake tsopano ndinu.

Poyamba ndi miyendo. Dzukani mphindi 30 msanga, mumumange chingwe, muzungulire naye musanapite ku siteshoni. Madzulo chimodzimodzi, ngakhale thupi likukana. Musamukoke ngati mbuzi yopita ku msika: musiyeni anunkhize mitengo ndi mipanda, chifukwa kwa galu kununkhiza ndiko kuwerenga nyuzipepala. Ngati akadali kamwana, maulendo akhale afupiafupi, osati kumuthamangitsa kumbuyo kwa njinga, mafupa ake sanakhwime. M'mwezi wa October ikani dzanja pa tala musanatuluke naye. Ikakutenthani inu, iyenso imuwotcha mapazi.

Chachiwiri ndi mutu. Galu satopa ndi kuthamanga kokha, amatopanso ndi kuganiza. M'malo moika chakudya chonse m'mbale kuti achimeze kamodzi, chimwazeni pakhonde, china mubise m'thireyi ya mazira kapena muchikulunge m'chiguduli, asake yekha. Kumeneko ndiko kukumba mbewa kwa pa fulati. Lukani chitenje chakale chikhale chingwe chokokerana naye. Mupatseni chotafuna chake kuti asiye nsapato zanu, koma osati mafupa a nkhuku ophika, amasweka n'kulasa m'mimba. Mphindi 10 zomuphunzitsa kukhala pansi, kudikira ndi kubwera akaitanidwa, ndi kachakudya m'manja osati chikwapu, zimamugonetsa tulo tabwino.

Chachitatu ndi masana aja amene inu mulibe. Palibe galu wamng'ono amene angasunge mkodzo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pa fulati iliyonse pali mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Grade 12 ndipo ali chabe panyumba. Pangana nayeni, mumupatseko kangachepe pa mwezi, azimutulutsa masana. Ndipo amene watuluka ndi galu anyamule kapulasitiki. Masitepe ndi kapinga ka pabwalo n'za tonse, ana amasewera pomwepo.

Musanayambe zonsezi, katemera. Malamulo a dziko lino, mu Control of Dogs Act, amafuna kuti galu alembetsedwe ndiponso abayidwe katemera wa chiwewe. Katemerayu amayamba galu akakwanitsa miyezi 3. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kagalu kochokera kumudzi kawirikawiri kamabwera kopanda pepala lililonse. Pitani nako kwa a vetenale, ngakhale ku sukulu ya madokotala a ziweto ku UNZA kapena kwa a Lusaka Animal Welfare Society, akakuuzeninso za katemera wa matenda otsegula m'mimba amene amapha tiagalu tambiri. Kasanamalize katemera, musakayendetse pamene agalu ena amadzithandizira. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa zimene zikunenedwa ku mpando wakumbuyo. "Ise tinatenga galu wa security, osati wa kuyenda naye monga muzungu. Ukamuvalira mukati ndiye amakalipa bwino." Zoona, amakalipa. Koma galu amene wakula osaona anthu sasiyanitsa kawalala ndi mwana wa aneba amene wabwera kudzapempha mchere. Tsiku limene chitseko chidzasiyidwe chotsegula, wolumidwa sadzakhala wakuba. Pamenepo mudzalipira chipatala, mudzakangana ndi anthu amene mumakumana nawo pa masitepe tsiku lililonse, mwina kusamutsidwa kumene, ndipo galuyo mapeto ake ndi kuphedwa. Galu wozolowera anthu ndiye mlonda wabwino, chifukwa akauwa usiku mumadziwa kuti pali chifukwa. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Amene amauwa tsiku lonse chifukwa chosowa chochita, palibe amadzuka kukaona.

Za kuchita manyazi ndi chingwe, tisiye. Amalume anu ku Chadiza amayenda ndi galu wawo tsiku ndi tsiku, palibe amawatcha mzungu. Kusiyana n'kwakuti kumeneko kulibe minibasi yothamanga imene ingamugunde.

Choncho musanalandire katoni ija, werengani maola anu monga mmene mumawerengera ndalama ya basi pa mwezi. Kodi muli nalo ola limodzi tsiku lililonse, Sande yomwe, mvula ikugwa, kwa zaka 10 kapena kuposa? Kodi eni nyumba avomera? Kodi alipo womutulutsa masana? Ngati mayankho ndi inde, mutengeni, adzakhala bwenzi limene limakulandirani pakhomo ngakhale malipiro atachedwa. Ngati ndi ayi, thokozani amalume mwaulemu, muwasiyire ndalama ya katemera, kagaluko kakule kumene kali ndi munda. Inu mutenge nshawa. Nshawa sizilira mukazitsekera m'nyumba.