MLANDU WA MAU AKUTI "MBAIMBAI"

Ndiri ndi mlandu ndi mau ena, ndipo ndifuna kuutula pamaso panu. Mwezi wathawu ndinanka kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi kukafunsa za mtsikana amene analeka kudza kusukulu. Agogo ace, nkhalamba imene inagwira nchito kumigodi ya ku Joni, anandilonjera bwino, nati, "Aphunzitsi, musade nkhawa, adzabwera mbaimbai." Onse a pakhomo anaseka. Ine ndekha sindinaseka, pakuti malo a mwanayo m'sukulu ali opanda munthu kufikira lero.

Mau amenewa si athu ai. Ndiwo a Cingerezi akuti "by and by", ndipo anafika kuno m'kamwa mwa amuna amene Wenela ankawatenga kunka nao ku Johannesburg, boma lisanaimitse maulendowo m'caka ca 1974, ndege ya anthu athu itagwa ku Francistown. M'cinenero ca kumigodi, mbaimbai ndiko kuti pambuyo pace, tsiku losachulidwa. Azulu amachula mzinga wa nkhondo mbayimbayi. Ndipo amasimba kuti Azungu oyamba a ku Port Natal, popemphedwa kuti aonetse mizinga yao, ankayankha ndi mau omwewa.

Tsono imvani cinthu codabwitsa. M'Baibulo la Cingerezi la caka ca 1611, lochedwa la King James, mau amenewa atanthauza tsopano lino. Pa Marko 6:25, pamene mwana wamkazi wa Herodiya anapempha mutu wa Yohane Mbatizi, omasulirawo analemba "by and by". Kodi buthulo linafuna kuulandira caka ca mawa? Iai ndithu, Herode anatuma msilikali pomwepo. Mau sadzisanduliza okha. Anthu ankalonjeza kucita msanga, nacita mocedwa, mbadwo ndi mbadwo, kufikira mauwo anabuntha monga khasu lolimira pamiyala, ndipo "tsopano" anasanduka "tsiku lina".

Ndidziwa kuti ena adzati, "Aphunzitsi, mwakuza kanthu kakang'ono, kuona maso a nkhono nkudekha." Mwambiwo ngoona, koma mwauika posayenera. Kudekha ndiko kulindira cimene siciri m'manja mwako, monga mvula yoyamba, kapena cimanga kuti cikhwime. Koma kufolera denga mvula isanagwe, kubweza ngongole ya mbale wako, kunyamula mwana wa malungo kunka naye kucipatala, zimenezi ziri m'manja mwathu lero. Za izi makolo anasiya mwambi wina: zengerezu adalinda kwaukwau.

Enanso adzati mauwa ndi ulemu cabe, pakuti sikukoma kukaniza mlendo pamaso. Koma ulemu wotani umene uyendetsa mnzako katatu ulendo wopanda pace? Wokana poyera andimasula kuti ndikafune njira yina. Wonena mbaimbai andimanga ndi cingwe ca ciyembekezo cabodza. Werengani pa Mateyu 5:37 cimene Ambuye anaphunzitsa za inde ndi iai. Ndipo za sukulu sitinganene kuti tifuna nthawi yoganizira, monga ngati ndi cinthu cacilendo, pakuti Alexander Hetherwick anayamba Mishoni ino m'caka ca 1884.

Tisaseke Angerezi, pakuti nthenda yomweyo yagwira mau athu. Munthu akati "tiona", ndani akhulupira kuti adzaona? Akati "mawa", ndani aphika nsima kumlindira? Mtundu umene mau ace apepuka sungapangane za cikwati, kapena za malire a munda, popanda mboni zambiri.

Cifukwa cace ndikupemphani, akulu a Mpingo ndi amai a Mvano, polonjeza chulani tsiku. Ngati simungathe, nenani kuti simungathe. Ine Lolemba likudzali ndidzabwerera kwa agogo aja, ndipo sindidzanyamuka pampando kufikira atandiuza tsiku limene mdzukulu wao adzalowanso m'sukulu.